Mita yadijito ya mtundu wa 830 poyeza ma transistor: pamene imanena zoona ndi pamene imaperewera

Pa tebulo la munthu wokonza mawailesi, ma ampulifaya ndi zipangizo zina zamagetsi, n'zovuta kupeza chida chofala kuposa mita yaing'ono yadijito ya mtundu wa 830. Mafakitale ambiri amaipanga n'kuipatsa mayina osiyanasiyana, koma mukaitsegula mumapeza kuti m'kati mwake muli pafupifupi zofanana: batire ya ma volt 9, sikirini imene manambala ake amalekeza pa 1999, chotembenuza chimodzi chosankhira zimene mukufuna kuyeza, ndiponso kasoketi ka timabowo tisanu ndi titatu kolembedwa NPN mbali ina, PNP mbali inayo. Kasoketi kameneka ndi kamene kamakopa anthu ambiri amene angoyamba kumene ntchitoyi, chifukwa kamaoneka ngati kathetsa vuto lonse la kuyeza ma transistor. Ine ndimaona mosiyana. Pa ntchito yoyeza ma transistor a bipolar, kutanthauza a NPN ndi a PNP, phindu lenileni la mita imeneyi lili pa malo olembedwa chizindikiro cha diode, pamene kasoketi kaja n'kothandiza pa zinthu zochepa chabe, ndipo nthawi zina kamasocheretsa munthu amene wakakhulupirira kwambiri.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kukumbukira chimene mita imaona ikakhudza miyendo ya transistor. Mtundu umenewu wa transistor, umene William Shockley anaulinganiza ku Bell Labs m'chaka cha 1948, uli ndi zigawo zitatu zosanjikizana, N, P ndi N kapena P, N ndi P, ndipo chigawo chapakati, chimene ndi chopyapyala kwambiri, ndicho base, pamene ziwiri zakunjazo ndizo emitter ndi collector. Pakati pa zigawozi pali malire awiri, ena pakati pa base ndi emitter, ena pakati pa base ndi collector, ndipo malire aliwonse amalola karenti kudutsa mbali imodzi yokha monga imachitira diode. Mita ikakhala pa malo a diode imatumiza karenti yochepa, ya pafupifupi milliamp imodzi, kenako imaonetsa volteji imene yatsalira pa malirewo. Sidziwa kuti chimene yagwira ndi transistor. Imangoona ma diode awiri okumana pa mwendo umodzi, ndipo kuyeza konse kumachokera pamenepa.

Apa mitayi imagwira ntchito yosadandaulitsa. Tengani transistor ya BC547, yomwe ndi NPN, muiyang'anitse nkhope yake yafulati kwa inu miyendo ili pansi: kuchokera kumanzere muli ndi collector, base ndi emitter. Mukaika chingwe chofiira pa mwendo wapakati, chakuda pa mwendo wakumanja, sikirini imaonetsa nambala ya pakati pa 600 ndi 750, chifukwa mitayi imawerenga m'ma millivolt popanda kuika kadontho. Mukasamutsira chingwe chakuda ku mwendo wakumanzere, nambala yofananako imabwera. Mukatembenuza zingwe, chakuda n'kukhala pa base, manambala onse amazimiririka ndipo kumangotsala 1 yekhayekha kumapeto kwa sikirini chakumanzere, kutanthauza kuti njira yatsekeka. Mamita ena amalemba OL pamalo amenewa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti 1 ameneyu wasokoneza ophunzira ambiri amene amaganiza kuti mita yawerenga volt imodzi kapena ohm imodzi. Pa PNP, monga BC557 kapena 2N3906, zonse zimatembenuka: chingwe chakuda ndicho chimakhala pa base kuti manambala aoneke. Transistor yakale ya germanium imawerenga motsika, cha m'ma 200 mpaka 300, ndipo imeneyo si nthenda koma chibadwa chake.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa malo amenewa n'chakuti mitayi imasiyanitsa millivolt imodzi ndi inzake, ndipo zimenezi zimakwanira kuzindikira miyendo ya transistor imene zilembo zake zinafufutika. Choyamba mumafufuza mwendo umene ukulankhula ndi miyendo ina iwiri yonse. Umenewo ndiwo base, ndipo mtundu wa chingwe chimene chili pamenepo ndiwo ukukuuzani ngati ili NPN kapena PNP. Chotsala n'kusiyanitsa emitter ndi collector. Popeza chigawo cha emitter chimathiridwa zosakaniza zambiri kuposa cha collector, malire a base ndi emitter amawerenga mokwererako pang'ono, nthawi zambiri ndi ma millivolt owerengeka okha, mwachitsanzo 688 mbali ina ndi 682 mbali inayo. Kusiyana kumeneku n'kochepa kwambiri moti kumafuna dzanja lodekha. Volteji ya malire a silicon imatsika ndi ma millivolt pafupifupi 2 kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, choncho munthu akatsina thupi la transistor ndi zala kwa kanthawi, amaona nambala ikutsika yokha pang'onopang'ono, ndipo kusiyana kumene amafuna kuja kumasokonekera. Ndi bwino kuigoneka pa tebulo, kapena kuigwira ndi kopanira, n'kuwerenga mbali zonse ziwiri mofulumira.

Pali muyeso wina umene anthu amaudumpha, chonsecho ndi umene umagwira ma transistor ambiri akufa, makamaka akuluakulu a m'ma ampulifaya ndi m'zipangizo zoperekera mphamvu. Umenewu ndi wa pakati pa collector ndi emitter, base itasiyidwa osakhudzidwa. Transistor wamba yabwino imaonetsa 1 mbali zonse ziwiri. Yopsa imaonetsa nambala yotsika kwambiri, monga 002 kapena 000, ngakhale mutatembenuza zingwe kangati, chifukwa silicon ya m'kati inasungunuka n'kulumikiza miyendo iwiriyo. Ikakhala kuti yaduka m'kati, malire amene amayenera kuonetsa nambala amangokhala pa 1 mbali zonse. Pa nthenda ziwirizi, shoti ndi kuduka, mitayi siphonya, ndipo imapereka yankho lofanana ndi limene mita yodula kwambiri ingapereke. Chodandaulitsa n'chakuti mitundu ina ya 830 ilibe kabelu kolira pakakhala shoti, choncho maso amayenera kuchoka pa miyendo kupita pa sikirini nthawi iliyonse, ndipo pa bolodi lothinana m'pamene nsonga imaterereka. Wogula ayang'ane ngati pa chotembenuza pali chizindikiro cha kabeluko, chifukwa kamafulumizitsa ntchito kwambiri pamene ma transistor oti ayezedwe ali ambiri.

Zingwe zimene zimabwera ndi mitayi ndizo mbali yake yofooka kuposa zonse. Timawaya ta m'kati mwake n'tochepa, timaduka msanga pafupi ndi chogwirira, ndipo tikayamba kuduka manambala amayamba kudumphadumpha moti munthu angaimbe mlandu transistor yosalakwa. Nsonga zake n'zobuntha ndi zonenepa, zosayenera ma transistor ang'onoang'ono omamatira pa bolodi monga a SOT-23, amene miyendo yake imatalikirana mamilimita osakwana awiri. Chizolowezi chabwino n'kugundanitsa nsonga ziwirizo musanayambe, kuti muone ngati nambala ikutsika kufika pafupi ndi ziro n'kukhazikika. Batire nayonso ili ndi khalidwe lake: ikayamba kutha, mamita a mtundu umenewu amakonda kuwerenga mokweza, choncho chizindikiro cha batire chikangooneka pa sikirini palibe chifukwa chopitirizira kukhulupirira manambalawo.

Tsopano tibwere ku kasoketi ka hFE, kamene kamayeza kuti karenti ya pa collector ikuposa ya pa base kangati. Mitayi imalowetsa ma microamp pafupifupi 10 pa base, imaika ma volt osapitirira 3 pakati pa collector ndi emitter, kenako imaonetsa nambala ya pakati pa 0 ndi 1000. Mbali iliyonse ya kasoketika ili ndi mabowo anayi, awiri mwa iwo a emitter, ndipo apa opanga anaganiza bwino, chifukwa ma transistor sagwirizana kasanjidwe ka miyendo. BC547 ili ndi collector, base, emitter. 2N3904 ili ndi emitter, base, collector. Pamene 2SC945 ndi 2SC1815 zili ndi emitter, collector, base, kutanthauza kuti base ili kumapeto. Bowo lachiwiri la emitter limathandiza kuti yonseyi ilowe popanda kupingasa miyendo. Pa ma transistor ang'onoang'ono otere nambala imene imabwera ili ndi tanthauzo. BC547B, malinga ndi pepala la opanga, imayenera kukhala pakati pa 200 ndi 450, BC547A pakati pa 110 ndi 220, BC547C pakati pa 420 ndi 800, ndipo popeza manambala amenewa amatengedwa pa ma milliamp 2, mitayi imayeza pafupi ndi pomwepo. Munthu amene akufuna ma transistor awiri ofanana mphamvu, monga a polowera pa ampulifaya, angathe kusankha bwinobwino ndi kasoketi kameneka, bola asawagwiregwire ndi zala, pakuti hFE imakwera transistor ikafunda.

Kasoketika kamathandizanso kutsimikiza emitter ndi collector pamene ma millivolt aja sanapereke yankho lomveka. Mukadziwa base, mumalowetsa transistor mbali imodzi n'kuwerenga, kenako mumasinthanitsa miyendo iwiri inayo. Kumene kwabwera nambala yaikulu, ya m'mahandiredi, ndiko kolondola; kumene collector ndi emitter zasinthana malo nambala imagwa kwambiri, nthawi zambiri osafika 20. Ubwino wake umalekezera pamenepa. Timabowo take tinapangidwira miyendo yayitali ndi yoyera ya transistor yatsopano, koma zimene wokonza amayeza nthawi zambiri ndi zochotsedwa pa bolodi, za miyendo yaifupi yokhala ndi zotsalira za mtovu. Yaifupi sifika pa tizitsulo ta m'kati, ndipo yamtovu imatikanula moti pambuyo pake ngakhale yatsopano imagwedera. Zikatero sikirini imaonetsa 000, ndipo munthu wosadziwa amataya transistor yabwino. Ndimalangiza kuti aliyense amene akufuna kugwiritsa ntchito kasoketika kwa nthawi yaitali alowetsemo timawaya titatu tokhala ndi zopanira kumapeto, kuti transistor izigwidwira kunja.

Pa ma transistor amphamvu kasoketika n'kosathandiza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yooneka ndi maso: miyendo ya TIP41C ndi yotakata, 2N3055 ili m'chigoba chachitsulo cha TO-3 chimene chimagwiranso ntchito ya collector, ndipo zonsezi sizilowa. Yachiwiri ndi yobisika ndipo ndi yoopsa kuposa yoyambayo. 2N3055 inapangidwa kuti izinyamula mpaka ma amp 15, ndipo hFE yake ya 20 mpaka 70 imatchulidwa pa ma amp 4. Kuipatsa ma microamp 10 pa base kuli ngati kuyesa mphamvu za ng'ombe poikoketsa ngolo yopanda katundu: iyenda ndithu, koma simunadziwe chimene idzachite ikadzasenzetsedwa. Nambala imene imabwera ikhoza kukhala yotsika mochititsa mantha kapena yokwera mosangalatsa, ndipo zonse ziwiri sizikuuzani mmene transistor idzachitire pa karenti yake yeniyeni. Amene amasankha ma transistor a potulukira pa ampulifaya pogwiritsa ntchito nambala imeneyi amadzinamiza okha.

Ma transistor a germanium, monga AC128 ndi anzake a m'mawailesi akale, ali ndi vuto lina. Iwo amalola karenti kudontha kuchoka pa collector kupita pa emitter ngakhale base isanapatsidwe kanthu, ndipo mitayi siyisiyanitsa karenti yodonthayo ndi imene yabwera chifukwa cha base; imaphatikiza zonse n'kuzigawa ndi ma microamp 10 aja. Choncho transistor imene ikudontha ma microamp 300 imawonjezeredwa 30 pa nambala yake, ndipo yodontha kwambiri, yomwe ndi yodwala, ndi imene imaoneka yamphamvu kuposa zinzake. Njira yozembera vutoli ilipo ndipo ndi yapafupi: tulutsani mwendo wa base m'bowo, musiye collector ndi emitter zokha, muwerenge nambala yotsalayo, ndipo muichotsere pa yoyamba ija. Pa silicon yabwino nambala yotsalayo imakhala 000, moti mukaona china chilichonse pamenepo, transistor imeneyo musaibwezere pa bolodi.

Palinso gulu la ma transistor amene amaoneka akufa pa mitayi ali amoyo, chifukwa m'kati mwawo muli zinthu zina zowonjezera. TIP120 ndi Darlington, kutanthauza ma transistor awiri m'chigoba chimodzi, ndipo ili ndi ma resistor awiri m'kati komanso diode pakati pa collector ndi emitter. Mukaiyeza, miyendo iwiriyo imaonetsa nambala mbali imodzi pamene pa transistor wamba pakanakhala 1. Ma transistor ena a m'mawailesi akanema akale a chubu, amene ankayendetsa mizere yopingasa, ali ndi diode yotereyi komanso resistor ya ma ohm makumi ochepa pakati pa base ndi emitter, moti malire amenewo amawerenga motsika mbali zonse ziwiri ngati kuti pali shoti. Kumbali ina, tima transistor monga DTC114E tili ndi resistor ya ma ohm 10,000 panjira yopita ku base, ndipo mitayi, yomwe ili ndi ma volt ochepa, imatiwerenga ngati taduka. Apa mita ilibe mlandu, popeza ikunena zimene ikuona. Chofunika n'kuwerenga nambala yolembedwa pa thupi la transistor ndi kuona pepala lake musanaiweruze.

Kuyeza transistor ili pa bolodi n'kotheka koma kumafuna kusamala kawiri. Magetsi ayenera kuzimitsidwa ndipo ma capacitor akuluakulu atsitsidwe mphamvu yonse kudzera mu resistor, chifukwa malo a diode ndi a ohm pa mitayi ali ndi chitetezo chochepa, ndipo volteji yotsalira ikhoza kuiwononga nthawi yomweyo. Komanso ma resistor, makoyilo ndi ma diode ozungulira transistor amapereka njira zina zodutsamo karenti, choncho nambala yotsika pa bolodi ndi chifukwa chokayikira chabe. Kuti mutsimikize, dzutsani miyendo iwiri, kapena ichotseni yonse. Mukafuna kuyeza chipangizo chili choyaka, tembenuzirani ku ma volt a DC, muonetsetse kuti m'kasoketi ka hFE mulibe chilichonse, ndipo muyang'ane ma volt 0.6 mpaka 0.7 pakati pa base ndi emitter. Transistor yogwira ntchito ya switch ikatseguka kwathunthu imatsala ndi ma volt 0.1 kapena 0.2 okha pakati pa collector ndi emitter. Dziwani kuti mamita ambiri a 830 amalemetsa dera limene akuyeza ndi megohm imodzi, pamene abwinoko amakhala ndi 10, choncho pa base yodyetsedwa ndi resistor yaikulu kwambiri mitayi imatsitsa volteji imene ikuyezayo. Bowo lake la ma amp 10 nthawi zambiri lilibe fyuzi, ndipo sindingalangize munthu kuti aziyandikira nayo mbali ya magetsi akuluakulu ochokera kukhoma.

Malire aakulu a chida chimenechi ndi akuti chimayeza ndi ma volt osapitirira 3 ndi karenti yochepa kwambiri, transistor ili yozizira. Pali ma transistor amene amapambana miyeso yonse imene ndafotokozayi koma amayamba kudontha akaikidwa pa ma volt 40 kapena 60, ena amaduka akatentha n'kulumikizananso akazizira, ena amangochita phokoso lothetheka mu sipika. Palinso achinyengo, olembedwa nambala ya transistor yaikulu chonsecho kachidutswa ka silicon ka m'kati n'kakang'ono. Amenewa amawerenga bwinobwino pa malo a diode, amapereka hFE yokongola, ndipo amapsa akangosenzetsedwa katundu. Choncho mitayi ikanena pa malo a diode kuti transistor wamba yochotsedwa pa bolodi yafa, zingwe zili bwino, yafadi. Ikanena kuti ili bwino, tanthauzo lake n'lakuti sinapeze shoti kapena kuduka basi. Mita yakale ya singano imaiposa pa mfundo imodzi, chifukwa pa malo ake okwera kwambiri a ohm imagwiritsa ntchito batire yokulirapo ndipo singano imasuntha pang'ono pakakhala kudontha, ngakhale kuti munthu ayenera kukumbukira kuti pa mamita ambiri a singano chingwe chakuda ndicho chimatulutsa positive, ndiponso kuti malire a base ndi emitter a BC547 kapena 2N3904 sapirira kupitirira ma volt 6 akayezedwa chotembenuza. Tizida tatsopano toyezera ma transistor, toyendera kachipi kotchedwa ATmega328, timazindikira miyendo tokha ndipo timapulumutsa nthawi, koma natonso timayeza ndi ma volt 5 okha, choncho vuto la volteji yaikulu silinathe.

Kwa wophunzira ndi kwa wokonza amene ntchito yake yambiri ndi kupeza transistor imene yapsa, mita imeneyi ndi yoyenera kukhala nayo, makamaka ya kabelu, ndipo chinthu choyamba kugula pambuyo pake chikhale zingwe zabwino za nsonga zosongoka. Amene amakonza ma ampulifaya amphamvu asalekezere pa iyo yokha. Akasintha ma transistor a potulukira, ayezenso ang'onoang'ono amene amawayendetsa pamodzi ndi ma resistor a pa emitter, chifukwa kawirikawiri zimapsera limodzi, ndipo poyatsa koyamba adutsitse magetsi mu babu la ulusi kuti ngati shoti idakalipo babulo liwale m'malo moti ma transistor atsopano apse. Pa sitepe imeneyi mitayi imathandizanso bwino, popeza malo ake a ma millivolt 200 amasiyanitsa mpaka 0.1 ya millivolt: mukaika nsonga mbali ziwiri za resistor ya ma ohm 0.22 ya pa emitter n'kuwerenga ma millivolt 11, ndiye kuti transistor ikudya ma milliamp 50 popanda nyimbo, ndipo mukaona nambalayo ikukwerabe osaima pamene chitsulo choziziritsira chikufunda, zimitsani msanga mufufuze dera la bias, limene limakhazikitsa karenti imeneyi.